Wolankhula A Ndi Alamu Anga

3 Malichi

Mwana wanga Akawuntanti,

Ndikhulupirira uli bwino monga ife kuno tili bwino, kupatula sipika yaikulu ija imene yayambanso kulira ngati mbuzi. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa, chifukwa pa foni ukangomva kuti ndayamba nkhani umati netiweki yavuta. Papepala netiweki sivuta.

Ndamva kwa malume ako kuti pamwamba pa maphunziro owerengera ndalama amene ndinakutumira, wawonjezapo kaphunziro kena kapambali, ati sayansi ya chilankhulo. Poyamba mtima unandiwawa. Ndinati mwana ameneyu anayamba kulongolola asanayambe kuyenda, ndiye akufuna amuphunzitsenso chiyani? Koma nditakhala pansi ndinaona kuti magazi sanama. Ine bambo ako ndadyera mawu moyo wanga wonse. Ndi ukwati uti m'tauni muno umene unamveka popanda zokuzira mawu zanga? Anthu sanditcha a Halohalo pachabe. Ndiye tandiuza, panopa ukulankhula zilankhulo zingati? Makasitomala ndawauza kuti zisanu ndi ziwiri, usandichititse manyazi.

Chinanso. Pa holide paja unaika foni pa thebulo n'kutijambula mawu tikudya chamasana, ine, mayi ako ndi malume ako, ati n'za kusukulu. Mpaka lero sunandiuze kuti aphunzitsi ako anati chiyani atamva liwu langa. Usaope kuti ndidzitama. Ndikudziwa kuti foni imadya besi ya liwu, koma munthu wophunzira angathe kumva ndithu kuti apa pali munthu.

Za phwando la digiri yako mu Juni ndakonza kale. Tidzachitira kuseri kwa shopu, masipika onse panja, mpaka a kutsidya kwa msewu adziwe kuti a Halohalo anaphunzitsa mwana.

Mayi ako akupereka moni.

Ndine bambo ako.

11 Malichi

Bambo,

Moni nonse kumeneko. Ine ndili bwino, kungoti miyendo yatha.

Zilankhulo ndikulankhula zomwe zija ndinachoka nazo kwathu. Inu mumakonza masipika koma simuimba, si choncho? Ifenso timatsegula chilankhulo n'kumaona mawaya ake. Makasitomalawo muwauze kuti munaphonya kuwerenga.

Miyendo yatha chifukwa phunziroli lilibe mwini. Lolemba ndimakhala kwa a zamaganizo, kuphunzira mmene khanda limatolera mawu. Lachiwiri ndimathamangira kwa a makompyuta, amene amatiyang'ana ngati tabwera kudzaba mawaya. Lachinayi ndimakwera masitepe kupita kwa a zachikhalidwe cha anthu, kumene mawindo anasiya kalekale kutseguka. Ofesi yathu ndi kachipinda kamene ankasungamo mamopu, fungo lake likadalipo, ndipo mkulu wa phunziroli, amene timangowatcha a Dokotala, amakhala mmenemo ndi ketulo yawo. Mukalowa awiri, mmodzi amaima pakhomo.

Vuto lagona apa. Dipatimenti iliyonse imayesa kuti inzake ndiyo yatiuza malamulo, ndiye sabata yathayi ndi pamene ndamva kuti kuvomera kwa pakamwa kumene munandipatsa sikuwerengedwa. Aliyense amene ndinamujambula mawu ayenera kuwerenga chidule cha kafukufuku wanga, n'kusaina kuti walola. Ndikufuna masiginecha atatu: yanu, ya amayi ndi ya malume, afike kuno pasanadutse pa 30 Epulo. Ikasowa ngakhale imodzi, pepala langa salichonga, ndipo popanda pepalalo digiri yonse, ndi zowerengera ndalama zanuzo zomwe, idikira chaka chamawa. Kutulukamo n'kosatheka, ndinalembetsa kale.

Chidulecho ndaika mu envelopu momwemu, makope atatu. Mutu wake ndi wakuti kudulana mawu pa thebulo la banja. Mayina ndabisa monga lamulo linenera, muli Wolankhula A, B ndi C basi. Muwerenge mutakhala pansi, Bambo, modekha. Ndabwereza dala, modekha.

Ndine mwana wanu.

19 Malichi

Akawuntanti,

Moni. Mwana iwe wandipha ndi kuseka! Nthiti zikuwawa mpaka pano.

Ngakhale ubise bwanji, Wolankhula A ndi alamu anga basi, malume ako. Walemba kuti, "Wolankhula A salola munthu kumaliza chiganizo. Mnzake akangopuma kuti ameze malovu, iye walowa kale." Ndani winanso? Walembanso kuti, "Amafunsa funso n'kuyankha yekha, kenako amathokoza yankholo." Eee! Ngati wawajambula chithunzi. Zaka zonsezi ndakhala ndikupirira munthu ameneyu, ndimayesa ndine ndekha ndimaona. Tsopano yunivesite yandichitira umboni.

Ine ndadzipeza msanga. Ndine Wolankhula B, amene walemba kuti salankhulalankhula, nthawi zambiri amangoti "mm." Ndi mmene munthu wanzeru amakhalira. Madzi akuya sachita phokoso.

Loweruka ndinatulutsa masipika pakhonde kuti ndiwayese, popeza madzulo ake kunali ukwati. Ndinati n'chifukwa chiyani ndizingoti halo halo ngati munthu wopanda mwana ku yunivesite? Ndinawerenga chidule chako chonse pa maikolofoni. Wometa tsitsi wa pafupi nafe anasiya mutu wa munthu uli theka n'kutuluka kudzamvetsera. Amayi ogulitsa zovala aja anachita kugwirana mapewa. Sindinatchule dzina, lamulo lako ndalisunga, ndinangoloza ndi mlomo kumene kuli nyumba ya alamu. Pano msewu wonse ukuwaitana a Wolankhula A, ndi ana omwe.

Ndasaina, siginecha yaikulu ija ndimasungira ku banki. Ya mayi ako ndiwasainira ndine asavutike, dzanja lawo ndimalidziwa. Ya malume ako uvutike nayo wekha, ndamva kuti atupa.

Mayi ako akupereka moni.

Ndine bambo ako, B.

21 Malichi

Kwa mphwanga wa ku yunivesite,

Ndikupereka moni monga mwa ulemu, ngakhale mtima sukufuna.

Ndakhala kalaliki wa khoti mpaka kupuma pantchito, ndipo palibe tsiku limene ndinadula mawu woweruza, mboni, ngakhale wakuba nkhuku. Ndiye mvera bwino.

Popeza kuti m'mawa wa tsiku limene unatijambula mawu ndinali nditazulidwa dzino lakumanzere, ndipo ndinafika kwanu ndili ndi thonje m'kamwa;

Popeza kuti chakudya chonse ndinadyera mbali imodzi ngati ng'ombe, ndipo mawu amene ndinatulutsa anali "mm" ndi "madzi";

Popeza kuti bambo ako analankhula kuyambira pa pemphero mpaka potsuka mbale, ndipo pempherolo anadula m'kamwa mwa mlongo wanga, mayi ako, n'kulimaliza okha;

Ine ndikuona kuti ndaipitsidwa dzina pamaso pa anthu, kudzera pa masipika. Dzulo ndapita kukagula buledi, wa mugolosale wandifunsa kuti, "Ndimalize kaye kupereka moni, kapena mulowa?" Anthu onse m'golosalemo gwedegwede ndi kuseka. Ine munthu wa tayi.

Chigamulo changa ndi ichi. Ulembere bambo ako kalata yonena mosapita m'mbali kuti Wolankhula A ndi ndani. Ukatero ndisaina tsiku lomwelo ndi cholembera changa chabwino. Ukapanda kutero, pepala lako ndiyalira pansi pa mphika wa maluwa. Ndimakukonda, ndinakunyamula uli wakhanda, koma dzina la munthu si chosewera nacho ana a sukulu.

Ndine malume ako.

2 Epulo

Amayi,

Moni. Ndikudziwa muli bwino. Kalatayi ndamuuza kondakitala kuti akupatsireni kusukulu kwanu, isadzere ku shopu.

Zinthu zavuta. Ndinapita kwa a Dokotala ndi kalata ya Bambo kuti mwina aseke, koma sanaseke. Anazimitsa ketulo n'kunena kuti siginecha ya munthu amene sanamvetse chimene akusainira ndi yopanda ntchito. Ndiye taonani pamene ndili. Ndikakhala chete, malume sasaina, ndipo ya Bambo siwerengedwa. Ndikanena zoona, Bambo aphulika ngati sipika yolowa madzi. Usiku sindikugona.

Ndinu nokha mungandithandize. Bambo muwauze ndinu kuti A ndi iwowo. Musawauze ali ndi njala, mudikire amwe tiyi. Muyambe ndi kuwayamikira kuti ali ndi liwu labwino, kenako munene kuti kudulana mawu si tchimo, ndi khalidwe limene akatswiri amalipeza m'mabanja ambiri pa dziko lapansi. Mawu akuti "pa dziko lapansi" musawasiye, awasangalatsa. Akayamba kukuwa musayankhe, ingoyang'anani pansi monga mumachitira.

Muwauzenso kuti asakusainireni, musaine nokha. Yanuyo ndiye sindikuda nayo nkhawa, chifukwa pepala limeneli ndalembera inu, Amayi. Wolankhula C ndinu. Dziko lidziwe mmene amayi ngati inu amakhalira opanda liwu m'nyumba zawo zomwe. A Dokotala atawerenga gawo lanu anavula magalasi n'kupukuta m'maso, ndipo akuti mwina ndikaliwerenga pa msonkhano wa akatswiri. Ndikukupatsani liwu limene munalandidwa.

Musavutike n'kuyankha, ndikudziwa kale zimene munganene.

Ndine mwana wanu wachisamba.

12 Epulo

Bambo,

Moni. Ndadikira kuti mwina wina akuuzani m'malo mwanga, koma zikuoneka kuti kumeneko kuli zii, ndipo masiku akutha.

Wolankhula A si malume. Malume anali ndi thonje m'kamwa, ndiwo B. Wolankhula A ndinu, Bambo. Amene amafunsa funso n'kuyankha yekha ndinu. Amene anathokoza yankho lake lomwe ndinunso. Mawu anu ndawamvetsera mobwerezabwereza mpaka ndimawalota, sindingawasokoneze ndi a munthu wina.

Sindinalembe kuti ndikunyozeni, ndipo sindinakutumeni kuti mukawerenge pa maikolofoni. Ndatumiza pepala lina loti musaine mukudziwa chimene mukusainira. Ndikupempha, Bambo. Digiri yanga ili m'manja mwanu.

Ndine mwana wanu.

15 Epulo

Iwe,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino.

Ndiye ndalama zanga zonse zija ndimalipirira kuti ukaphunzire kutukwana bambo ako ndi zilembo? Galu woweta wekha ndi amene amaluma pamsana. Ndinakutuma ukawerengere ndalama za shopu, iwe wakawerengera mawu a mwini shopu. Ine kudula munthu mawu? Ine? Ntchito yanga ndi yothandiza anthu kuti amveke! Foni yakoyo ndi yotchipa, imakoka liwu lokhala ndi besi n'kusiya enawo. Limenelo ndi vuto la maikolofoni, funsa aliyense wodziwa ntchito, ndiye kuti funsa ine.

Kuti ndikutsutse ndinachita kafukufuku wanga, nanenso ndili ndi mutu. Dzulo pa chakudya ndinalengeza kuti lero sindilankhula, aliyense anene zakukhosi. Ndinawafotokozera mayi ako bwinobwino chifukwa chimene ndakhalira chete, ndi mmene kukhala chete kunayambira ku mtundu kwathu, kwa agogo ako amene ankatha tsiku lonse osatsegula pakamwa. Ndinawapatsanso zitsanzo. Pomaliza ndinawafunsa kuti, "Mayi, kodi ine ndimakudulani mawu?" Ndinaona pa nkhope pawo kuti yankho ndi ayi, ndiye ndinawathokoza. Umenewo ndiwo umboni, ukawapatse a Dokotala akowo.

Malume ako akuyenda msewu wonse ndi kalata yako, sindikudziwa anaitola bwanji pa kauntala panga, akuwerengera aliyense ngati chigamulo cha khoti. Wometa tsitsi akandiona akungoyatsa makina ake kuti asamve. Ndachita manyazi, ndikuuze, manyazi enieni.

Siginecha yanga ndaibweza. Sindisaina, ngakhale kutagwa mvula ya miyala.

Mayi ako akupereka moni.

Amene unkamutcha bambo.

21 Epulo

Mphwanga wokondedwa,

Moni wochokera pansi pa mtima. Dzina langa layera, ndipo m'golosale muja ayambanso kundipatsa moni wonse wathunthu.

Ndasaina monga ndinalonjezera. Ndakutumiziranso nkhani imene sungaikhulupirire: bambo ako nawonso asaina, ine ndili mboni. Mvula ya miyala sinagwe. Chimene chinagwa ndi kasitomala.

Bambo ako anakhala masiku angapo atatupa, akupukuta masipika oyera kale. Kenako kunabwera bambo wina wa galimoto yaikulu, mwana wake akukwatiwa mwezi wamawa. Anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Kodi ndinu aja anakufufuzani ku yunivesite chifukwa cholankhula?" Bambo ako anati akane, koma munthuyo anapitiriza kuti akufuna woyendetsa mwambo amene sapereka mpata, chifukwa akuchimuna ali ndi azakhali ena amene akagwira maikolofoni sabweza. Anati, "Ndikufuna munthu wodziwa kudula." Mphwanga, ndinaona ndi maso anga alamu akukula ngati buledi mu uvuni. Anatulutsa chidule chako m'dirowa n'kumuonetsa munthuyo pamene unalemba kuti Wolankhula A ndiye amayendetsa nkhani yonse. Anadula mzere pansi pake ndi cholembera changa.

Tsopano akuti ndikufunse ngati n'kotheka kuchotsa chilembo cha A n'kuikapo dzina lawo lonse, dzina la shopu ndi nambala ya foni. Ndawauza kuti malamulo salola, koma sindinamalize kufotokoza.

Ndiye masiginecha awiri ndi amenewo. Latsala pepala la mlongo wanga. Ndinamufunsa kuti ndiphatikize momwemu, anati atumiza yekha. Ameneyo sanavutepo chibadwire, gona tulo.

Ndine malume ako, B weniweni.

25 Epulo

Amayi,

Moni. Ya Bambo ndi ya malume zafika, zikomo ngati munathandizapo. Yanu sinafike. Mwina kondakitala wataya, ndiye ndatumiza pepala lina. Musaine pamene ndaika kamtanda, osati pansi pake. Palibe choti muwerengenso, n'zomwe zija. Lifike Lachisanu, chonde. Gauni yolandirira digiri ndayeza kale.

Mwana wanu.

28 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino pang'ono. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa m'makalata ako onse awiri sunafunse.

Kondakitala sanataye kanthu, musamunamizire mwana wa eni. Mapepala onse ali pano. Chidule chako ndinawerenga pa buleki, ana akusewera panja, cholembera chofiira chili m'manja mwa chizolowezi. Walemba bwino, sindinapeze pokonza. Za bambo ako wanena zoona zokhazokha. Koma amenewo ndinakwatiwa nawo ndikuwamva, tsiku loyamba ndinawapeza ali pa maikolofoni. Sindinkadikira yunivesite kuti indiuze.

Wolankhula C ndiye sindinamuzindikire. Mayi womvetsa chisoni, wopanda liwu, wozolowera kugonja. Ndinachita kumumvera chisoni inenso, mpaka unandiuza kuti ndine. Ine ndimalankhula kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza, kalasi yodzaza mpaka pakhomo, ndipo wakumbuyo kwenikweni amandimva popanda sipika. A Dokotala ako analirira munthu amene sanamuonepo, ndipo iwe unawathandiza.

Kenako ndinawerenga zilembo zako. A, B, C. Pa thebulo paja tinalipo anayi, mwana wanga. Wachinayi ali kuti?

Walemba kuti ndinayamba chiganizo chimodzimodzi kangapo osachimaliza. N'zoona. Bambo ako anandidula, inde. Koma panafika nthawi imene iwo anali ndi chakudya chodzaza m'kamwa, mpata unalipo, ndipo ndinati, "Pali chimene ndimafuna ndikuuzeni nonse muli pano." Iwe unati, "Amayi, sunthirani pafupi ndi foni, muyambirenso." Ndinasunthira. Unati supuni yanga ikusokosera. Ndinaiika pansi. Mmene ndimati nditsegule pakamwa, bambo ako anali atameza. Zimenezo m'chidule mwako mulibe.

Kuyambira pa holide paja wakhala ukumvetsera mawu amenewo. Wawalemba, wawabwereza, wayeza ndi kupuma kwanga komwe. Koma sunatenge foni yomweyo tsiku limodzi n'kufunsa kuti, Amayi, paja mumafuna kunena chiyani? M'malo mwake wandilembera mawu oti ndikanene kwa mwamuna wanga, ndi poti ndiyang'ane. Zandipweteka kwambiri. Bambo ako samva chifukwa samvetsera. Iwe unamvetsera mpaka kulota, osamva kanthu.

Sindisaina. Ndimati ndilembe kuti sindinakwiye, koma ndisaname, ndakwiya. A Dokotala ako ananena bwino kuti munthu asasainire chinthu mwachimbulimbuli. Ine ndawerenga, ndamvetsa, ndipo ndakana. Ndikudziwa kuti ndakudyera chaka, ndipo ndalira polemba zimenezi, usayese kuti n'zophweka. Koma ndabwezapo ana ambiri kalasi, onse ali moyo, ena amandipatsa moni pamsewu.

Mukatsekera ubwere kunyumba, foni uisiye m'chikwama. Nkhani ija ikadalipo, ndipo si yaing'ono. Ndimati ndiilembe pompano, koma ndaopa ungaiike m'kafukufuku.

Ndine mayi ako.